Mapepala omata pa matisheti a pulinta ya laser, ndiwapeza kuti kuno ku Mangochi?

MayiWaFotokope
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi kashopu ka fotokope ndi kutayipa pa boma pano, pulinta yanga ndi ya laser ija yotulutsa zakuda zokhazokha, ya tona osati inki. Amayi a banki mkhonde yathu akufuna matisheti 24 olembedwa dzina la gulu kutsogolo ndi kachithunzi ka chambo kumsana, oti tidzavale tsiku logawana ndalama mu December. Ine ndinati bwanji ntchitoyi ndiigwire ndekha ndalama isatuluke panja. Ndiye mwana wa achemwali anga wandibweretsera paketi ya mapepala aja omata pa malaya ndi simbi kuchokera ku Limbe, koma pa paketipo palembedwa kuti inkjet. Kodi ndingawalowetse mu pulinta yangayi? Ngati ayi, a laser akupezeka kuti? Komanso simbi wamba yositira ikwanira kapena mpaka makina? Thandizeni abale, amayi ayamba kale kundifunsa.

Kampango77
Pepala ndi pepala mayi, lowetsani limodzi muone basi.

FundiWaMakina
Ayi a Kampango musawapweteketse mayiwa. Mayi musayerekeze ngakhale limodzi. Ine ntchito yanga ndi yokonza mapulinta ndi mafotokope, ndipo makina ofa ndi mapepala amenewa amandipeza ndithu, makamaka nyengo ya maukwati. Nkhani ili apa, inkjet imangolavulira inki yamadzi papepala, mkati mwake mulibe moto. Laser ndi ina. Tona ndi ufa wa pulasitiki, ndipo kuti ufawo ugwire, pepala limadutsa pakati pa ma roller awiri otentha, ife timati fuser, kutentha kwake kumayandikira madigiri 200. Tsono pepala la inkjet lomata pa malaya lija analipaka kapulasitiki komwe ntchito yake ndi kusungunuka kakamva moto wa simbi. Iko sikafunsa kuti motowu ndi wa simbi kapena wa fuser, kakatentha kasungunuka basi, kumatirira pa roller, pepala n'kukulungika mkatimo. Mukachita mwayi tichotsa n'kupukuta, mukapanda mwayi fuser yonse yapita, ndiye pa timapulinta ting'onoting'onoti mukaphatikiza mtengo wa fuser ndi kuitanitsa kwake nthawi zina bola kungogula pulinta ina. A laser anawapanga kuti adutse pa fuser osasungunuka, adzasungunuke pa malaya pomwe akhala nthawi yaitali atapanikizidwa.

Kampango77
Chabwino afundi ndamva. Ine ndimayesa ndi chinyengo cha ogulitsa kuti tizigula kawiri kkkk

MayiWaFotokope
Eee zikomo afundi, ndinali nditatsegula kale paketi. Ndiye amenewa nditaye?

FundiWaMakina
Musataye, gulitsani kwa wa inkjet. Amastudiyo a zithunzi ambiri ali ndi Epson ya inkjet, agula.

Chembe_Arts
Mayi ine ndimasindikiza matisheti kuno ku Cape Maclear, ogulitsa kwa alendo obwera kunyanja, ndiye ndikufotokozereni pang'ono chifukwa mukangoti "ndikufuna a laser" mugulanso olakwika. Choyamba matisheti anuwo ndi amtundu wanji? Pakuti mapepalawa alipo a nsalu zowala ndi a nsalu zakuda, ndipo sagwira ntchito mofanana.

A nsalu zowala, pa paketi amalemba light. Kapulasitiki kake ndi koonekera mkati, ndiye pomwe pulinta sinaike tona pamaoneka mtundu wa malaya. Kumbukirani kuti pulinta yanu siitulutsa choyera, choyera chomwe mumaona pa fotokope ndi pepala chabe. Ndiye pa tisheti yoyera zikhala bwino, pa yachikasu kapena yapinki yowala zilembo zakuda zionekabe, koma pa yakuda kapena ya navy simuona kanthu. Amenewa mumasindikiza motembenuza, zilembo ziziwerengeka chobwerera ngati pagalasi, chifukwa pepala mumaliika chafufumimba pa malaya.

A nsalu zakuda amalemba dark kapena opaque. Awa ali ndi kansalu koyera kokhuthala, mumasindikiza molunjika osatembenuza, kudula ndi sizasi mozungulira chithunzi, kusenda pepala lakumbuyo, kuika pa malaya chithunzi chili m'mwamba, kuphimba ndi pepala lophikira makeke lija n'kupanikiza. Vuto lake chilichonse chomwe simunadule chituluka choyera. Ndiye dzina la gulu lanu tangoganizani kudula chilembo chimodzichimodzi matisheti 24, mpaka mkati mwa A ndi O. Ambiri amangosiya bokosi loyera lonse, ndiye ndi kutentha kwa Mangochi kuno chinthucho chimakhala ngati wavala jumbo pachifuwa, thukuta silituluka.

Maina oti mufufuze: Neenah ali ndi Techni-Print EZP ya zowala ndi Laser 1 Opaque ya zakuda. Forever ya ku Germany ali ndi Classic ya zowala. TheMagicTouch ali ndi TTC. Koma chenjerani, Neenah yomweyo ili ndi Jet-Pro ndi 3G Jet-Opaque, amenewo ndi a inkjet, ndiye dzina la kampani lokha silikwanira, werengani mawu oti laser.

MayiWaFotokope
Amayi anagwirizana zobiriwira zoderako, mtundu wa chitenje chathu cha gulu. Ndiye apa zavuta eti?

Chembe_Arts
Zobiriwira zodera ndi tona yakuda pa pepala la light, ayi, wowerenga mpaka akuyandikireni ngati akufuna kukunong'onezani. Akambiraneninso asinthe zikhale zoyera, chitenje chobiriwiracho pansi, zikhala bwino kale.

AnaMbewe_Namwera
Zoyera?? Ndi fumbi la kuno? Inu a Chembe mumakhala pamchenga simukudziwa amayi ife tikakwera kabaza kuchoka ku Namwera kutsika phiri lija timafika tili otani kkkk. Zoyera n'za kwaya.

Mphunzitsi_Katema
Ilipo njira ya nsalu zodera pa laser yakuda yomweyo, kungoti anthu sakuidziwa. Forever ali ndi ina amati Flex-Soft No-Cut. Imabwera mapepala awiri, A ndi B. Pa A ndi pomwe pali mtundu, kaya woyera, kaya wagolide, kaya wachikasu, inu mumasindikizapo ndi tona yakuda motembenuza. Kenako mumaphatikiza ndi B n'kupanikiza pamoto, B uja ali ndi guluu yemwe amagwira pomwe pali tona pokha. Mukawalekanitsa akadali otentha, guluu watsala pa zilembo zokha, ndiye mukamata pa malaya pamatsala zilembo za mtundu wa A uja, popanda bokosi popanda sizasi. Tona yakuda ija imakhala kunsi siioneka. Ife tinapangira ana a Form 4 matisheti a navy ndi zilembo zagolide mwa njira imeneyi, koma tinakapanikizira kwa munthu wa pulesi, makina aja otentha otsindira chithunzi pa malaya. Simbi apa iwalani, kuphatikiza A ndi B kumafuna moto wofanana paliponse, pena pakazizira guluu amasiya mabowo.

Chembe_Arts
Zoona aphunzitsi, koma muwauzenso kuti mtengo wake si wamasewera, ndiponso oyamba angapo amaonongeka munthu usanazolowere kasendedwe kake. Kwa munthu woti akuyamba kumene ndi oda ya anthu ena ine sindingamulimbikitse.

TelalaWaMpondasi
Inu mukuopseza mayiwa ndi za pulesi. Ife takhala tikumata zinthu pa malaya ndi simbi ya makala kuyambira kale, mabaji a sukulu, manambala a mpira, zonse. Simbi ya makala ndi yolemera, ilibe mabowo kunsi, magetsi akazima ntchito ikupitirira. Pulesi n'ya anthu a ndalama.

FundiWaMakina
A Telala mabaji ndi mapepala a laser ndi zosiyana. Simbi ya makala mungadziwe bwanji kuti yafika madigiri angati? Pepala likuti 190 kwa masekondi 25, inu mukuyeza ndi malovu pachala.

TelalaWaMpondasi
Malovu sananamizepo munthu achimwene.

UsipaWouma
Kkkkkk a Telala mwandipha. Nanga phulusa likagwera pa tisheti yoyera ya mayi tcheya?

TelalaWaMpondasi
Wosita wodziwa ntchito sagwetsa phulusa. Inu zanu n'zoyanika usipa musalowerere.

Chembe_Arts
Tiyeni tinene chilungamo. Pa zinthu zitatu zofunika, moto, nthawi ndi kupanikiza, simbi ya magetsi imakwanitsa moto, mukaika pa madontho atatu paja pa kotoni imafika cha m'ma 200. Nthawi muwerenga pafoni. Chomwe chimavuta ndi kupanikiza. Mapepala ambiri a laser anawapangira pulesi, yomwe imatsindira chithunzi chonse kamodzi ndi mphamvu yoti mkono sungafike, kapulasitiki kaja kalowe m'kati mwa ulusi. Ndi simbi kamangokhala pamwamba, tsiku loyamba kukongola, mukachapa kangapo m'mphepete muyamba kutukuka. Alipo ena a laser olembedwa kuti simbi ikhoza, ngati mwapeza amenewo ndiye chitani chonchi: musagwiritse thebulo lositira lofewa lija, ikani pa thebulo la thabwa lolimba lalifupi kuti muzitsamira ndi thupi lonse, yalani pilokesi imodzi basi. Khuthulani madzi onse m'simbi, nthunzi izime. Yambani mwasita malaya okha pomwe pabwere chithunzi kuti chinyezi chichoke. Posita musamayendetse ngati mukuwongola buluku, tsindirani malo amodzi ndi manja awiri, nyamulani, tsindirani potsatira mopitanapitana, chifukwa pomwe pali mabowo a nthunzi sipakutentha. Ngodya ndi m'mphepete bwerezani. Ndipo chithunzi chikhale chaching'ono, chosaposa simbiyo kwambiri. Cha A4 yonse ndi simbi ndi kudzivutitsa.

AnaMbewe_Namwera
Nanga kusenda pepala lija timasenda kukadali kotentha kapena lizizire? Ine ndinaona ena akusenda pompopompo ena akudikira.

Chembe_Arts
Zimatengera pepala anganga. Ena amalemba hot peel, musende pompo, ena cold peel, mudikire lizizire. Mukasemphanitsa chithunzi chimatsalira theka papepala. Kapepala ka malangizo kali m'paketi musataye, ndipo wogulitsa akamagulitsa limodzilimodzi lopanda paketi, mufunseni akujambulireni kamalangizoko pafoni. Akakana ndiye kuti nayenso sakudziwa chomwe akugulitsa.

MayiWaFotokope
Ndikulemba zonse m'kope. Koma funso la kogula silinayankhidwe abale. Pa boma pano ndazungulira mashopu a stationery, ena sakudziwa n'komwe kuti alipo a laser, wina anandipatsa pepala la zithunzi lonyezimira lija akuti ndi lomwelo.

FundiWaMakina
Limenelonso ngati ndi la inkjet lisalowe mu laser, vuto lake ndi lomwe lija.

WaJoniDirect
Mayi kuno simuwapeza, ngakhale ku Limbe ambiri mwa omwe ali m'mashelefu ndi a inkjet chifukwa ndi omwe amayenda malonda. Funsani kwa ogulitsa zipangizo za osindikiza mabanala ndi matisheti ku Blantyre kapena Lilongwe, osati stationery wamba. Apo ayi Joni. Ine ndimanyamula katundu Johannesburg kubwera Mangochi, ku Joni mashopu a zimenezi alipo ambiri, Forever imapezeka. Inu ndi wachibale ku Joni simungasowe, nyumba iti kuno ilibe munthu kumeneko? Mutumizireni chithunzi cha paketi yeniyeniyo pa WhatsApp, osangomuuza pakamwa, akagule andipatse. Paketi ya mapepala siyolemera. Chomwe ndimapempha, aikulunge mu pulasitiki n'kuika pakati pa makatoni awiri olimba, chifukwa katundu wa mu trailer amapsinjana ndi mafiriji ndi masofa, pepala lopindika pulinta siilandira.

Kampango77
Ayamba kutsatsa malonda a transipota kkkk. Katundu wanu amafika liti, wa Ramadan amafika pa Khirisimasi.

WaJoniDirect
Amenewo ndi ena aise. Ndipo pa boda sindilamula ine.

Dada_Malindi
Ine ndimaitanitsa ku China pa AliExpress, amatchipa, koma kudikira kwake muyiwale za December. Komanso khadi yolipirira kunja masiku ano ndi nkhani ina, forex kulibe. Chichokereni November 2023 pomwe kwacha inagwa ndi 44% chilichonse chochokera kunja ndi moto. China chomwe muonetsetse ndi saizi. Ochokera ku America amakhala Letter, ndi yaifupi koma yotambalala pang'ono kuposa A4 yathu, mamilimita 216 kwa 279 pomwe A4 ndi 210 kwa 297. Pulinta imalandira, koma musinthe saizi mu kompyuta ndi pa thireyi, apo ayi chithunzi chimadukira kumunsi kapena pulinta imangoima n'kumadandaula.

NamiasiBoy
Nanga ku Mandimba? Anthu amadutsa pa Chiponde tsiku lililonse.

WaJoniDirect
Ku Mandimba mukagule zitenje ndi spaghetti achimwene, osati izi.

Maule_Mpaka_Kale
Pepani kulowerera, ine ndikufuna kumata dzina langa ndi nambala kumsana kwa jersey yanga ya Bullets, mapepala omwewa atheka?

Nyerere_Monkeybay
Mata nambala ya zigoli zomwe munamwa kkkk

Maule_Mpaka_Kale
Manoma mulankhule chani inu, kawerengeni zikho kaye mubwere.

Nyerere_Monkeybay
Mbiri sidya nsima bambo, tionana pa Kamuzu Stadium.

Chembe_Arts
A Maule, jersey ndi poliyesitala, ndi moto wa 190 imanyezimira pomwe padutsa simbi, ikhoza kukwinyika kumene. Komanso utoto wofiira wa nsaluyo ukatentha umalowa m'choyera chija, nambala yoyera n'kusanduka yapinki pakapita masiku. Manambala a mpira amadula pa vinyl, pitani kwa wa makina odulira.

Nyerere_Monkeybay
Yapinki iwakhala bwino.

Admin_Gulu
Abale za mpira zili ndi malo ake. Mayi afunsa za mapepala, tiyeni tibwerere.

FundiWaMakina
Ndibwerere ku pulinta chifukwa ngakhale mutapeza pepala loyenera mukhoza kuliononga pa kasindikizidwe. Musaike mu thireyi ya pansi pamodzi ndi mapepala wamba. Gwiritsani kathireyi kakutsogolo kolowetsa pamanja kaja, limodzi limodzi. Ngati pulinta yanu ili ndi kachitseko kumbuyo, tsegulani kuti pepala lituluke molunjika lisapinde ngodya. Mu settings pa paper type sankhani zomwe malangizo anena, kawirikawiri ndi heavy kapena labels, zimenezo zimachititsa kuti pepala liyende pang'onopang'ono pa fuser tona ipse bwino. Mukatulutsa pitirizani chala pa chilembo, tona ikachoka ngati mwaye ndiye kuti sinapse, kwezani kulemera kwa pepala. Muzimitsenso toner save, pa HP amati EconoMode, ndikudziwa a mafotokope nonse mumaiyatsa kuti tona ichedwe kutha, koma apa mukufuna chakuda chenicheni.

Kuti mudziwe mbali yomwe pulinta imalemba, tengani pepala wamba lembani X ndi bolopeni, lowetsani, muone. Pepala lomata kumbuyo kwake nthawi zambiri kuli mizere kapena dzina la kampani, kumeneko sikosindikiza. Lomwe ladutsa kale pa fuser musalibwezenso kuti mugwiritse malo otsala, dzadzani zithunzi zonse pa tsamba limodzi kamodzi. Ndipo pulinta ikakhala kuti yangomaliza mapepala a mayeso a sukulu yonse yatentha, ipumitseni kaye.

China, tona yothira ija ya m'mabotolo. Sindikuti ndi yoipa, tonse timadyera momwemo, koma ina imatuluka yotuwa, papepala simuona vuto koma pa malaya ikachapidwa imafwifwa msanga. Yesani pa tisheti yakale kaye, muichape ndithu, musanakhudze za amayi.

Mphunzitsi_Katema
Kuwonjezera pa afundi, kutembenuza kuja mapulinta ambiri a laser alibe batani lake. Mu Word ikani mawu mu text box, pa 3-D rotation lembani 180 pa X. Kapena pangani dizayini yonse ikhale chithunzi n'kuchita flip horizontal. Mukasindikiza pa pepala wamba kaimeni nalo pagalasi, likawerengeka bwino m'galasimo ndiye kuti zili bwino. Muonenso sipelo ya dzina la gulu, awerenge anthu awiri.

UsipaWouma
Kuno kwathu kwaya ina inavala matisheti osowa chilembo chimodzi chaka chathunthu, ati ndalama zinapita kale kkkk

Dada_Malindi
Chinyezi musaiwale. Ife a m'mbali mwa nyanja mapepalawa akakhala pamtunda amapindika okha, ndipo akamwa chinyezi pa fuser amatuluka ndi timatuza. Mukatenga lomwe mukufuna otsalawo bwezerani mu pulasitiki yake mutseke, muike chogona m'kabati, osati pawindo. Nthawi ya mvula ndiye kwambiri.

SikiriniMaster
Ine ndakhala chete ndikuwerenga koma ndinene. Matisheti 24, mtundu umodzi, dizayini imodzi, nsalu yobiriwira yodera. Imeneyo ndi ntchito ya sikirini, yopaka penti pa malaya kudzera pa sefa, palibe chokambirana. Sefa imodzi ya kutsogolo imodzi ya kumsana, penti yoyera, masana amodzi ndamaliza, ndipo tisheti idzang'ambika zilembo zikadalipo. Mapepala ndi abwino pa tisheti imodzi ziwiri, kapena pomwe aliyense akufuna dzina lake, kapena chithunzi cha nkhope ya malemu pa chiliza. Koma apa mayi mukadaitanitsa ku Joni, kulipira transipota, kuononga ena poyesa, mudzapeza kuti mwadutsa mtengo wanga.

Chembe_Arts
Pa oda iyi yokha mukunena zoona akulu, sindikutsutsa. Koma mayiwa ali ndi shopu, pulinta ali nayo kale. Akaphunzira ndiye kuti wobwera kudzatayipitsa makadi a chinkhoswe amugulitsanso matisheti a akwati awiri, wa birthday ya mwana, wa bridal shower. Zing'onozing'ono zimenezo inu mumakana, mumati kupanga sefa ya tisheti imodzi n'kutaya nthawi.

SikiriniMaster
Ndimakanadi. Koma asaphunzirire pa ndalama za banki mkhonde, amayi aja sakhululuka, adzawadula pa masheya.

AnaMbewe_Namwera
Kkkkk apa mwanena zoona, ife chindapusa timalipiritsa ngakhale wochedwa ndi mphindi zisanu.

Makawa_Prints
Palibe watchula DTF bwanji? Masiku ano ambiri tasiya mapepala. Umatumiza dizayini pa WhatsApp kwa omwe ali ndi makina a DTF mtauni, amasindikiza pa filimu ndi inki yoyera pansi ndi ufa wa guluu, amakutumizira pa basi kapena courier, iwe kwako ndi kungopanikiza, moto wa madigiri cha m'ma 160, kwa masekondi ochepa. Imagwira pa kotoni, pa poliyesitala, yakuda, yobiriwira, mitundu yonse ya chambo chanucho ituluka, kudula kulibe. Pulinta yanu isiyeni izipanga mafotokope.

FundiWaMakina
DTF ndi yabwino koma pulesi ikufunikabe. Tabwerera pomwe paja.

Makawa_Prints
Pulesi ndili nayo ine, ya masentimita 38 kwa 38, ndimabwereketsa pa tisheti pa tisheti munthu akabwera nazo. Bola magetsi akhalepo. Pa sola musayese, chinthuchi chimakoka mawati oposa 1000, ka inverter ka m'nyumba kamangolira n'kuzima.

Kampango77
Nanga sublimation ija ndi chani, si yomweyo?

Makawa_Prints
Ayi, ija ndi inki yapadera mu inkjet, imagwira pa poliyesitala yowala basi ndi makapu opakidwa. Pa kotoni imachoka ndi kuchapa koyamba. Pepala lake mu laser mulibe ntchito.

TelalaWaMpondasi
Chomwe ndingathandize ine ndi nsalu, poti za simbi mwandikana. Matisheti opanda kanthu kaya mwagula atsopano ku Limbe kaya mwasankha pa kaunjika, onani kalebulo ka m'khosi kapena m'mbali, 100% cotton kapena wosakaniza pang'ono. Atsopano achapeni kaye opanda zofewetsa zonunkhira zija, chifukwa kotoni amafupika pochapa koyamba, mukamata musanachape nsalu ikafupika chithunzi chimachita makwinya. Osankha okhala ndi timizere ngati a gofu aja, pepala siligwira bwino m'maenjemo. Ndipo poika chithunzi pindani tisheti pakati musite kamzere, muyeze zala zinayi kuchoka pakhosi, zonse zifanane. Amayi akaima pamzere kujambulitsa wina dzina lili pamimba wina pakhosi zimaoneka.

Chembe_Arts
Apa ndiye a Telala mwalankhula za ntchito.

AnaMbewe_Namwera
Nanga kuchapa? Pakuti ife kuchapa kwathu mukukudziwa.

Dada_Malindi
Ndi pomwe matisheti amenewa amafera anganga. Munthu wapita nayo kunyanja, sopo wa mtanda kupaka pachithunzi penipeni, kumenyetsa pamwala, kufinya mopotokola, kuyanika pamchenga dzuwa la October. Kenako akubwera kwa iwe ati ntchito yako ndi yachinyengo. Muwauze pogawa: tsiku loyamba isachapidwe, podzachapa aitembenuze kunja kukhale mkati, madzi ozizira, Jik ayi, burashi ayi, kuyanika pamthunzi ili chotembenuza, ndipo posita simbi isadutse pachithunzi, asitire kumbuyo. Ine ndimachita kulemba kapepala n'kuika m'jumbo ya tisheti iliyonse, wina akabwera kudzadandaula ndimamufunsa kuti kapepala kaja munawerenga?

UsipaWouma
Tisheti yofuna malamulo onsewo ndi mlendo m'nyumba, ine ayi.

SikiriniMaster
Ya sikirini menyetsani pamwala mmene mungafunire.

Makawa_Prints
Inunso penti yanu ikapanda kupsa bwino imasweka, tisanamizane pano.

MayiWaFotokope
Abale zikomo nonse, ndakumana nawo amayi dzulo pa msonkhano. Zoyera akana kwamtuwagalu, a AnaMbewe munalosera. Ndiye za gululi tipereka kwa a sikirini, a SikiriniMaster ndikulemberani ku inbox tikambirane mtengo, koma mundichitire bwino. Koma a laser aja ndikuwafunabe a shopu, a light, ndiyambe ndi zing'onozing'ono ndizikapanikizira kwa a Makawa kufikira nditagula pulesi yanga. Paketi ya 100 ndekha indilemera. Alipo woti tigawane?

Mphunzitsi_Katema
Ine nditengako 20, a kalabu ya wildlife kusukulu akhala akundivutitsa.

Dada_Malindi
Ikani 30 ine, bola akhale A4. Ndipo musanagule funsani wogulitsayo ngati amayenda mu pulinta ya zakuda zokhazokha, mumuuze model yake, chifukwa ena anawayesera pa ma colour laser okha ndipo timakina takudati tina timatentha kuposa apo.

FundiWaMakina
Zoona zimenezo. Mayi tumizani model ya pulinta yanu, ili pa kasitika kumbuyo. Akafika loyamba tidzalowetse ndilipo, ndidzabwera ndi screwdriver yanga kuti zikavuta tisachedwe.

Kampango77
Afundi akufuna ntchito awa kkkk

NamiasiBoy
Ine ndifunseko, omwewa amamata pa makapu ndi zipewa?

Chembe_Arts
Makapu ali ndi pepala lakelake la zinthu zolimba ndi pulesi yake yozungulira. Chipewa ndi nsalu, pepala ndi lomweli koma pulesi yafulati siigwira bwino pokhota paja. Tsegulani funso lanu padera achimwene, apa tisokoneza mawerengero.

WaJoniDirect
Ndiye 20, 30, otsala 50 a mayi eti? Galimoto ikunyamuka ku Joni Lachisanu la sabata ya mawa, wogulayo andipeze lisanafike Lachinayi madzulo chifukwa tikamanga trailer sitimasulanso. Chithunzi cha paketi chitsogole, ndisadzamve kuti ndabweretsa a inkjet.